Kutola makhadi pakati pa gemu: tigwirizane chimodzi Loweruka lisanafike

Wongani (admin)
Anthu a Commander, kaseweredwe kathu kaja ka anthu anayi ka gemu ya makhadi ya Magic, moni nonse. Nkhani ya Loweruka ku Katoto yandifika kuchokera mbali zitatu, aliyense ndi kafotokozedwe kake, ndiye bola tiyikambe pano poyera m'malo modzaza inbox yanga. Kwa amene kunalibe: patebulo panali Thoko, Gome, Lusungu ndi Kondwani. Gome anali atatsitsa Avenger of Zendikar ndipo timitengo take tija, ma token amene khadilo limapanga, tinali titanenepa ndi ma counter. Thoko anaponya Insurrection, mana 8 yonse (mana ndi imene timalipira poponya khadi), kuti alande ma creature a aliyense n'kumaliza gemu. Khadi lili pa stack, paja khadi loponyedwa limadikirira lisanagwire ntchito, Gome anangoti "ndagonja", n'kutola makhadi ake kuika m'bokosi. Thoko anangotsala ndi ma creature ochepa a anthu awiri enawo, sanaphe munthu, turn yotsatira Lusungu anamumaliza. Funso ndi ili: pagulu lathu lino, munthu azigonja nthawi iti? Tikambirane, koma osatukwanana.

Thoko
Zikomo admin. Ine kuluza sindidandaula, ndimaluza pafupipafupi ndipo nonse mumadziwa. Chikundiwawa n'choti Gome sanapite kunyumba. Anatola makhadi n'kukhala pompo, akudya chipisi, akuonerera ine ndikuphedwa. Munthu amene wagonja chifukwa nthawi yamuthera amanyamuka. Uyu anadikira gemu yachiwiri n'kuseweranso. Kunali kundikhaulitsa basi.

Gome
Achemwali, kukhaulitsa ayi. Ine ndinali wakufa kale. Timitengo tanga tomwe mukanandimenya nato ineyo. Ndiye ndizingokhala phee ndikudikira kuphedwa ndi ana anga omwe? Komanso ndinakuchenjezani. Ndimadziwa kuti m'deki mwanu muli Insurrection, ndipo ndinanena poyera kuti mukaiponya ine ndichoka. Munamva, munaseka, munaponyabe. Commander ndi ndale, ndipo malamulo amandilola. Afunseni a jaji athu.

Tiyanjane
Poti mwanditchula, ndiyankhe. Mwa malamulo a Magic, Gome sanalakwe. Lamulo 104.3a limanena kuti wosewera akhoza kugonja nthawi ina iliyonse, ndipo akagonja amatuluka m'gemu pompopompo. Sizidutsa pa stack, sizidikira priority, palibe angaziyankhe. Lamulo limeneli ndi lolimba kwambiri moti lili ngakhale mu 101.1, muja amati khadi likatsutsana ndi malamulo, khadi ndi limene limapambana. Chokhacho chimene khadi silingaletse ndi kugonja. Ngakhale muli ndi Platinum Angel, imene imati simungaluze gemu, mukhozabe kugonja. Ngakhale wina akulamulira turn yanu ndi Mindslaver, iye sangakugonjetseni mokukakamizani, koma inu mwini mukhoza kugonja.

Chimene chinamupweteka Thoko ndi 800.4a. Munthu akatuluka m'gemu ya anthu ambiri, chilichonse chimene ndi chake chimatuluka naye, kaya chili patebulo, m'manja, m'manda kapena pa stack. Ndiye timitengo tija tinasowa Insurrection isanagwire ntchito. Akanadikira kuti Thoko atilande kaye, tikanasowabe, chifukwa mwini wake ndi Gome.

Koma Gome usasangalale msanga, sindinathe.

Kondwani
Pepani, ine ndachokera ku Yu-Gi-Oh ndiye zina ndikuphunzira kumene. Ma token nawonso amapita? Si makhadi enieni aja. Ndipo ngati munthu wandilanda creature yanga kenako iye n'kugonja, imapita naye?

Tiyanjane
Ma token mwini wake ndi amene anawapanga, ndiye amapita naye. Za kulandidwa zimatengera analanda bwanji. Akakulanda ndi Control Magic kenako n'kutuluka, Control Magic imapita naye, creature yako imabwerera kwa iwe. Koma akaitenga m'deki mwako ndi Bribery, iye akatuluka creature ija imapita ku exile, chifukwa inalowa patebulo ili kale m'manja mwake, ilibe kobwerera. Ndiye ukuona kuti munthu mmodzi akanyamuka, tebulo lonse limagwedezeka.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi Gome. Magic inatuluka mu 1993 makamaka ngati gemu ya anthu awiri. Pa anthu awiri, ukagonja mnzako wapambana, nkhani yatha, palibe wapwetekeka. Lamulo lija cholinga chake n'choti munthu asamangiriridwe pampando. Pa anthu anayi, ufulu womwewo umasanduka chida, ndipo ndi chida choposa khadi lililonse m'deki mwanu: sichifuna mana, sichifuna kuti muchijambule (kuchitola m'deki), Counterspell siyichigwira. Thoko analipira mana 8. Gome analipira chiyani?

Gome
Ndinalipira gemu yonse! Ndinaluza. Pali mtengo woposa pamenepo?

Thoko
Wanena wekha kuti unali wakufa kale. Wakufa walipira chiyani?

Madala a ku Chibavi
Ana anga, ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse. Ine nkhaniyi ndimaiona ngati chipereganyu. Palibe amene angakumange kuti usatuluke, ndalama ndi zako. Koma ukatuluka pakati, mnzako ataponya kale zake podalira kuti iwe ulipo, usadabwe anthu akamakuyang'ana cham'mbali. Magulu ambiri kunja amasewera ndi lamulo loti munthu agonje pa nthawi imene angaponye sorcery: turn yake, main phase, stack ilibe kanthu. Titengere lomwelo, nkhani ithe. Ndipo zoopseza zoti "ukandimenya ndichoka" zithe. Ndale za patebulo ndi zoti "usandimenye, ndikuphera chilombo chija". Zinazi ndi chinyengo chovala jekete.

Lusungu
Madala, ndi ulemu wonse, lamulo limenelo likundipweteka ine amene sindinalakwe. Ine ndimakhala ku Mchengautuwa. Mvula ya kuno mukuidziwa, ikayamba sifunsa, ndipo kukada sacramento (kabaza wa njinga) wodalirika sapezeka, amene wapezekayo amatchula mtengo ngati akukuperekezani ku Ekwendeni. Kunyumba ndimasiya mwana ndi mng'ono wanga. Foni ikalira ndidikire turn yanga? Patebulo la anthu anayi, wina ali ndi deki ya ma trigger osatha, turn yanga ikhoza kubwera patatha theka la ola.

Komanso taganizirani izi. Munthu ali ndi Mindslaver ndi Academy Ruins, akuibweza turn iliyonse, akundiseweretsa ine ngati chidole. Turn yanga ikafika, si yanganso. Ndigonje liti? Kapena wina wayamba combo yake ya mphindi makumi awiri, akujambula makhadi, akuwerenga, akusakasaka m'deki, tonse tikudziwa kuti wapambana. Ndizingomuyang'ana chifukwa si main phase yanga? Ayi.

Mphatso
Pepani ndasokoneza, kodi amene m'bale wake amabwera kuchokera ku Joni mwezi uno ndi ndani? Ndikufuna masilivu 100 akuda, anga ayamba kung'ambika m'makona.

Wongani (admin)
Mphatso, za masilivu ku gulu la malonda chonde. Lusungu wanena mfundo, tiyeni tipitirire pomwepo.

Chikondi
Ndiwonjezere pa za Lusungu. Lamulo la sorcery limaoneka laukhondo koma silitseka bowo. Munthu akhoza kugonja pa main phase yake, stack ilibe kanthu, n'kuwonongabe gemu dala. Mwachitsanzo, ine ndili ndi Drannith Magistrate patebulo, aliyense commander wake wakanirira ku command zone. Ndakwiya ndi Thoko, ndikudziwa kuti amene akubwera pambuyo panga akangotsitsa commander wake wapambana. Ndagonja mwaulemu pa turn yanga, Magistrate wapita, uja wapambana. Lamulo la Madala ndalitsata bwinobwino, koma ndasankha wopambana.

China chimene ambiri sadziwa: Banishing Light ndi Oblivion Ring zimaoneka ngati khadi limodzi, koma mwini wake akatuluka zimasiyana. Chimene chinatsekeredwa ndi Banishing Light chimabwerera patebulo. Chimene chinatsekeredwa ndi Oblivion Ring chimakhala ku exile mpaka gemu kutha, chifukwa kubwerera kwake ndi trigger, ndipo trigger ya munthu amene watuluka siikwera pa stack. Ndiye amene amadziwa malamulo kwambiri ndi amene angagonje mwankhanza kwambiri. A jaji, ndanama?

Tiyanjane
Sunaname. Onjezanso monarch, chisoti chija chopatsa khadi loonjezera chimene chimalandidwa pomenya mwini wake. Monarch akatuluka, chisoti chimapita kwa amene ili turn yake, ndipo ngati wotulukayo ndiye ili turn yake, chimapita kwa wotsatira. Ndiye munthu akhoza kusankha womupatsa chisoti pongosankha mphindi yonyamukira. Wina wakonza ma creature ake kuti akumenye atenge chisoti, iwe n'kugonja turn ya munthu wina isanathe, chisoti chapita kwina.

Madala a ku Chibavi
Ndamva. Koma lamulo losatseka mabowo onse ndi labwinobe kuposa kukhala opanda lamulo.

Gome
Tsono ndifunse, poti nonse mwandiunjikira. Sabata zapitazo munthu wina, sinditchula dzina, ataona kuti akufa anaponya Swords to Plowshares pa commander wa amene amamupha, chabe kuti amupweteke. Tonse tinaseka, tinati wafa ngati mwamuna. Lero ine ndachita chomwecho, kupweteka amene akundipha, ndasanduka mfiti. Kusiyana kwake kuli pati?

Tiyanjane
Funso labwino, ndipo yankho lake ndi limene ndikufuna tonse tigwire. Swords ija anaiika m'deki yekha, inatenga malo pa makhadi 100 aja, anaijambula, anasunga mana imodzi yoyera, ndipo mnzakeyo akanatha kuiyankha. Zonsezo zili m'kati mwa gemu. Amene akumenya amayenera kuwerengera kuti uyu ali ndi mana yotsala, mwina ali ndi kanthu. Ndiye luso limenelo. Koma kutola makhadi kuli kunja kwa gemu. Thoko sakanatha kukuwerengera, sakanatha kukuzemba, kupatula kungosiya kuponya khadi lake labwino kwambiri nthawi zonse iwe ukakhala patebulo.

Ndipo Gome, iwe umasewera zobiriwira. Fog ndi mana imodzi, ilipo chiyambire 1993, imaletsa damage yonse ya combat, ikanazimitsa Insurrection yonse ija ndipo timitengo tako tikanabwerera turn ikatha. Homeward Path ndi land, inatuluka ndi madeki oyamba a Commander mu 2011, ukangoitembenuza aliyense amatenganso ma creature ake. Mayankho alipo, otsika mtengo, ndipo pagulu lino timalola ma proxy osindikiza. Ukanachita zimenezo bwenzi lero tikukuimbira m'manja.

Taganiziraninso mtsogolo. Tikavomereza zimenezi, madeki ena afa. Aliyense amene amasewera zolanda, za lifelink (kumenya kumene kumakuonjezera moyo), kapena ma trigger a combat damage adzakhala akusewera mwa chifundo cha anzake. Lamulo 800.4e limati damage imene ikanapita kwa munthu amene watuluka siiperekedwa n'komwe. Ndiye wamenya ndi ma creature ako onse, atembenuka, uja wagonja damage isanafike: moyo wa lifelink sulandira, khadi sujambula, ndipo watsala pambalambanda kwa awiri otsalawo. Exsanguinate chimodzimodzi, wina akachoka ili pa stack, moyo umene ukanalandira kwa iye wapita.

Gome
Fog m'deki ya Avenger? Aise, malo ake ndiwapeza kuti.

Chikondi
Chotsa imodzi mwa ma ramp ako aja, uli nawo ngati ukutsegula sitolo.

Thoko
Ine chimene ndikufuna si choti Gome alangidwe. Ndikufuna kudziwa ndisanaponye khadi kuti tebulo limene ndikuliona ndi limene lidzakhalepo khadilo likamagwira ntchito. Basi. Munthu andiyankhe ndi khadi, ndilira ndekha m'njira popita ku Zolozolo, koma ndivomera.

Mphatso
Palinso nkhani ya mapointi. Mu ligi yathu timapereka pointi kwa amene watulutsa mnzake. Munthu akagonja atamenyedwa kale koma damage isanafike, pointi ija imapita kuti? Chifukwa ngati imangosowa, anthu azigonja dala kuti amene ali pamwamba pa tebulo la mapointi asawonjezere. Mayunitsi a kumapeto kwa mwezi aja ndi ochepa, koma mwaona mmene anthu amawalimbiranira.

Wongani (admin)
Chabwino. Ndamvetsera, ndipo ndikuona ngati tikusakaniza zinthu ziwiri. Kunyamuka pampando ndi china, zotsatira za kunyamukako ndi china. Choyambacho sitingachiletse, ndipo sindikufuna tichiletse, Lusungu wanena zoona. Chachiwiricho ndi chimene tingachikonze. Commander imalola gulu kugwirizana zake gemu isanayambe, chija amati Rule 0, ndiye sitikuphwanya kanthu.

Maganizo anga ndi awa. Munthu agonje nthawi iliyonse imene wafuna, osafunsidwa chifukwa. Koma ngati pali kanthu pa stack kapena combat yayamba, tebulo lizitenga ngati akadalipo mpaka turn imeneyo ithe. Ma creature ake alandike, damage imufike, lifelink igwire, ma trigger achitike, pointi ipite kwa amene wamumenya. Turn ikatha, ndiye 800.4a igwire ntchito, zake zonse zichoke. Ngati akuthamangira kunyumba atenge makhadi ake, ife tilemba pa timapepala mayina ndi mphamvu za zimene zikufunika, tiika ma dice pamwamba. Ndipo ngati onse otsala agwirizana kuti uyu wapambana, gemu ithe pompo, osadikira kuti amalize kuwerenga combo yake.

Lusungu
Ili ndiye ndingalivotere. Ndinyamuka nthawi yanga, ndipo palibe amene ndamulanda kanthu.

Gome
Dikirani kaye. Munthu wachoka, tikuti akadalipo. Amutchingira ndani? Ngati ali ndi ma blocker asanu ndi Swords m'manja, tizingoti sanatchinge? Ndiye kuti kugonja kwasanduka mphatso kwa womenya. Mwangotembenuza vuto lomwe lija. Poyamba munthu amagonja kuti apweteke mdani wake, pano azigonja kuti athandize mnzake. Ine ndi Chikondi tikapangana, iye andimenya ndi lifelink, ine ndagonja osatchinga, iye wakwera moyo 30 kwaulere.

Chikondi
Bwanji ukunditchula ine, ndakulakwira chiyani.

Tiyanjane
Apa Gome wagwira penipeni, tisamunyoze. Komabe kusatchinga ndi chinthu chimene akanatha kuchita ngakhale atakhala pampando. Palibe lamulo lokakamiza munthu kutchinga. Ndiye lamulo la admin silikumupatsa mphamvu yatsopano, pamene kutola makhadi pakati pa stack kumamupatsa mphamvu imene khadi lililonse lilibe. Anthu awiri opangana kuthandizana ndi vuto lina, ndipo lilipo kale ngakhale popanda kugonja.

Koma pofuna chilungamo tikhoza kutero: amene wachoka mwadzidzidzi, osewera awiri amene sakumenyawo amutchingire ndi zimene zili patebulo, mmene munthu wanzeru akanatchingira. Za m'manja mwake zisakhudzidwe, zapita naye.

Madala a ku Chibavi
Mwana wanga, pamenepo mwatsegula mlandu wina. Awiri aja adzatchinga mokomera iwo eni, osati mokomera wochokayo. Adzakangana kuti blocker uyu apite apa kapena apo, gemu n'kuima. Zikhale zophweka: wachoka satchinga, saponya kanthu. Ukufuna kutchinga, khala pansi utchinge, ndi mphindi ziwiri zokha.

Kondwani
Ine monga wachilendo ndikugwirizana ndi Madala. Malamulo a gemuyi ndi ambiri kale, musatiwonjezere khoti lina pakati pa combat.

Chikondi
Nanga za Drannith Magistrate zija? Lamulo la admin silikuzikhudza. Ndikhozabe kuchoka pa nthawi yabata n'kupereka gemu kwa wina.

Wongani (admin)
Silikuzikhudza, ndipo sindikuona lamulo limene lingazikhudze popanda kumanga munthu pampando. Munthu akachoka, makhadi ake ayenera kuchoka nthawi ina, sitingasewere ndi timapepala mpaka usiku. Zimenezo tizithana nazo ngati anthu. Tilipo ochepa mu Mzuzu muno amene timasewera gemuyi, tonse timadziwana. Amene azichita dala kawirikawiri adzaona yekha kuti matebulo akudzaza iye asanakhale.

Za kuopseza zija ndikugwirizana ndi Madala, ndipo pansi pa lamulo latsopanoli zikufa zokha. Ukanena kuti "ukaponya ndichoka", mnzako angoti chokani, ma creature anu atsala mpaka turn ithe.

Thoko
Ine ndavota kale mumtima. Funso limodzi: zikuyamba Loweruka lino kapena mwezi wamawa? Chifukwa ligi ili pakati.

Mphatso
Ndipo gemu ya Loweruka lapitali mapointi ake akhala momwemo? Lusungu anapambana mwa malamulo amene analipo tsikulo.

Lusungu
Mapointi anga musawakhudze chonde, ine ndinangopeza chitseko chotsegula n'kulowa.

Gome
Ine ndivota ayi, ndinene poyera. Ndikuonabe kuti lamulo la m'buku ndi lokwanira ndipo tikadzapita kukasewera ndi a ku Lilongwe tidzasokonezeka. Koma likadutsa nditsata.

Tiyanjane
Tikakumana ndi gulu lina timafunsana tisanagawe makhadi, monga timafunsirana za ma proxy ndi mphamvu ya madeki. Admin, polemba muonjezere kuti "turn ithe" tikutanthauza mpaka cleanup, kuti ma trigger a end step asadzabweretse mkangano wina. Komanso munthu akagonja pa turn yake yomwe, stack ilibe kanthu, achoke pompo, palibe chodikira.

Wongani (admin)
Ndalemba. Mapointi akale akhala momwemo, lamulo likadutsa liyamba Loweruka lino. Ndaika poll pamwamba, zosankha zitatu: lamulo la m'buku mmene lilili, la sorcery la Madala, kapena loti wochoka akadalipo mpaka turn ithe ndipo satchinga. Itsekedwa Lachinayi 8 koloko madzulo. Amene simunalankhule muvotenso, makamaka a ku Luwinga amene mumangowerenga mwakachetechete. Loweruka tiyamba 1 koloko kuti a kutali abwerere kusanade. Kondwani, ubwere ndi timapepala ndi cholembera, ma dice ndibweretsa ine.

Kondwani
Timapepala ta saizi ya khadi kapena tating'ono?

Wongani (admin)
Ta saizi ya khadi, tizilowa m'masilivu.